Maliro Obwereka

Atamandike Yesu Khristu, abale ndi alongo. Ayi, mwayankha ngati simunadye. Ndati atamandike Yesu Khristu! Eya, tsopano ndamva kuti muli moyo.

Moni nonse, akuluakulu a mpingo, amayi anzanga, abambo, ndi inu achinyamata mwabisala kumbuyoko. Amene simundidziwa, ine ndine Rozina, koma kwathu kudoko amangoti amake Tadala. Ndinabadwira kufupi ndi Mua, ndinakwatiwa kunyanja, kumunsi kwa Mtakataka. Amuna anga ananditenga chitengwa, ndiye ndinkakhala pamudzi pa apongozi anga, aNambewe. Ena mumandidziwa ndi mawu okha. Mukamva munthu akufuula pamsewu kuti "usipa uwooo!" mpaka dalaivala wa minibasi kuponda buleki, ameneyo ndinali ine. Mawu awa Mulungu anandipatsa mosaumira. Lero ndikuuzeni mmene anatsekeredwa m'khosi muno, ndi mmene anatulukira.

Musayembekeze kuti ndinena kuti akufa anauka. Sanauke. Umboni wanga ndi wa misozi. Ndikayamba kulira pakati pa nkhani mundisiye, musandiletse, chifukwa kuletsedwa kulira ndiyo nkhani imene yandiimika pano.

Amuna anga dzina lawo anali Gelevaziyo. Amayi awo ankangoti Gele. Munthu wamfupi, wamanzere, wosalankhulalankhula. Anthu ankatiseka kuti mawu a banja lonse anapatsidwa kwa ine ndekha. Anali msodzi kuyambira ali mwana. Nkhafi yawo, chopalasira bwato chija, mukanaizindikira pakati pa nkhafi zonse za padoko, chifukwa chogwirira chake chinaperepeseka mbali imodzi ndi dzanja lamanzere lija. Tinali osauka, inde, koma m'nyumba mwathu munali kuseka. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, Tadala.

Kenaka nsomba zinayamba kuvuta. Munthu kupalasa mpaka mapewa kuwawa, kubwera ndi tinsomba tosakwana ndi mbale yomwe. Nthawi imeneyo kudoko kunafika munthu wina wovala bwino, akufuna amuna odziwa madzi. Anati kutsidya kwa nyanja yamchere, kudziko lopita pandege, kuli hotela ya m'mbali mwa madzi imene ikufuna anthu opalasa timabwato ta alendo. Dzina la dzikolo sinditchula. Limandiwawa m'kamwa.

Anapita anthu anayi a padoko pathu: amuna anga, mnansi wathu Mateyu, ndi Asilamu awiri, Saidi ndi Che Amadu. Tsiku lonyamuka amuna anga anatenga nkhafi ija nakawapatsa amayi awo.

"Amayi, sungani iyi. Osabwereketsa munthu. Ndidzaifuna."

Apongozi anaiimika kuseri kwa chitseko chawo. Nanga ine, mkazi wawo, anandisiyira chiyani? Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Iwe, usamakalipire anthu pamsika." Taonani mwamuna! Ena amatsanzikidwa ndi mawu okoma, ine ananditsanzika ndi chenjezo. Ndinaseka. Ndikanadziwa, ndikanagwira miyendo yawo osaisiya.

Poyamba zinayenda. Ankaimba foni, ankatumiza thandizo, nyumba yathu inavala malata. Ankandiuza kuti madzi a kumeneko ndi amchere moti ukameza umalavula, ndipo nsomba zake ndi zamawangamawanga koma zosakoma ngati zathu.

Tsiku limene uthenga woipa unafika ndinali ku sikimu ya Bwanje, pa ganyu yowokera mpunga. Dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'mawondo, mbande zili m'manja. Ndinaona mkazi wa Mateyu akuthamanga m'kanjira ka pakati pa minda, duku litagwa, foni ali nayo m'mwamba. Anati, "Amake Tadala, zigawenga! Zigawenga zaukira hotela ija!" Ine ndinafunsa funso lopusa. Ndinati, "Zaukira chifukwa chiyani? Analakwa chiyani?" Mpaka lero palibe amene wandiyankha.

Tinaimba foni. Nambala sikupezeka. Tinaimbanso. Sikupezeka. Tinaimba mpaka mabatire kutha, kukatchajitsa, kuimbanso. Abale anga, mawu aja akuti nambala sikupezeka ndimadana nawo kuposa njoka.

Patapita masabata, Che Amadu anabwera okha. Anapita anayi, anabwera mmodzi, mkono utapsa mpaka paphewa. Anafika pakhonde pa apongozi, nakhala pansi, anthu atazungulira. Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati zigawenga zinatulukira panyanja ndi maboti, masanasana, alendo ali pamchenga. Zinkawombera aliyense, osafunsa kuti ndiwe yani. Antchito anathawira m'nyumba yosungiramo mabwato, zigawenga nkuyatsa nyumbayo. Iwo anathyola kuseri nadziponya m'madzi. Anati, "Wallahi, pali Mulungu, mayi, Gele ndinamuona akulowa m'menemo. Palibe wina anatuluka pambuyo panga. Zimene zinatsala sizinali zozindikirika. Anawaika onse dzenje limodzi, kumeneko."

Ine ndinali nditatsegula kale pakamwa. "Mayo" uja anali atafika pa lilime. Mwadzidzidzi dzanja linandigwira pakamwa, gwi! Linali la apongozi. Dzanja louma, lonunkha utsi wowambira nsomba. Sanandiyang'ane. Anayang'ana Che Amadu.

"Che Amadu, nkhope yake munaiona atafa?"

"Ayi, mayi."

"Munamugwira ndi dzanja lanu atazizira?"

"Ayi, mayi. Moto unali..."

"Ndiye musabweretse maliro pakhomo panga." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu amake Tadala, tamvani. Mukalira pano, wamupha mwana wanga ndinu. Munthu wamoyo saliridwa."

Anthu anayesa kuwanyengerera. Alongo awo anayesa, akumpingo anayesa. Anati tichite monga mwa mwambo, tidule thunthu la nthochi, tilikulunge nsalu, tiliike m'manda m'malo mwa thupi, kuti mzimu ugone ndipo amoyo apume. Atangomva za nthochi, apongozi anaimirira. Apo mpamene ndinamva nkhani imene sindinkaidziwa. Ali mtsikana, mlongo wawo wamkulu anapita ku Halale kukagwira ntchito, natchona. Kunabwera mbiri yoti wafa. Anaika thunthu la nthochi, analira, anameta, mkazi wake anamusudzula nakwatiwa kwina. Patapita zaka munthu uja anatulukira ndi sutikesi kumanja. Anthu anathawa, ena kumuthira dothi kuti aone ngati ndi mzukwa. Anamuonetsa manda ake. Anaima pamenepo, kenaka ananyamula sutikesi yake nabwerera, ndipo sanaonekenso.

"Tinamukwirira wamoyo," anatero apongozi. "Ine ndinalira nawo. Ndi misozi yanga ndinamuthamangitsa. Kawiri ayi."

Ndani akanatsutsa? Anthu anabalalika chamumtima. Kwa Mateyu anaika nthochi yawo, analira, anameta. Kwa Saidi anakaswali kumzikiti swala ya munthu amene thupi lake kulibe, analira, anthu anawapepesa. Pakhomo pathu pokha panali zii.

Abale ndi alongo, mukudziwa kukhala munthu wopanda dzina? Sindinali mkazi wapabanja, sindinali wamasiye. Nsalu yakuda osavala. Tsitsi osameta. Kupereka dzina lawo kuti litchulidwe pa Misa ya akufa, osayerekeza. Munthu akabwera kudzapepesa, apongozi ankamubweza ali pabwalo: "Mukupepesa chiyani? Wafa ndani?" Tadala akafunsa kuti ababa abwera liti, agogo ake ankayankha msanga kuti, "Akubwera." Ndipo nyumba zathu zinali zoyandikana, ukatsokomola amamva. Ndinkaluma chitenje kuti mawu asatuluke. Ndinaluma zitenje mpaka kubooka.

Che Amadu sanapeze mtendere. Tsiku lina anasonkhanitsa mabanja athu padoko. Anati, "Anthu awa manda awo ali kutali, ndipo kunoko sakanagona manda amodzi, wina Msilamu, ena Akhristu. Koma doko linali limodzi. Tiimike nkhafi zawo pano." Ena ankang'ung'udza kumbali kuti zigawenga zija akuti zinkatchula dzina la Mulungu wa Asilamu. Che Amadu anamva. Anaonetsa mkono wawo wopsa uja nati, "Dzina limenelo Saidi ankaligwadira tsiku lililonse, ndipo anamuwotcha pamodzi ndi Gele. Musandiuze za anthu amenewo." Kung'ung'udza kunathera pomwepo.

Anawaka chiunda cha simenti, ngati kachipilala kafupi, pamtunda pang'ono, posafika mafunde, choyang'ana kum'mawa kumene anthu athu anapita. Anasiya mabowo atatu. Nkhafi ya Mateyu inalowa, anathira simenti. Ya Saidi inalowa, anathira simenti. Bowo lachitatu linatsala pululu, chifukwa apongozi anakaniza nkhafi. Inali kuseri kwa chitseko, ndipo ankaipukuta ndi kansanza ngati mwana. Mphepo ikadzaza mchenga m'bowo muja, Che Amadu ankauchotsa ndi zala. Mvula ikagwa, nkhuku zinkamweramo madzi. Ine ndikamadutsa ndi dengu ndinkayang'ana kumbali.

Ndinene mosabisa: apongozi ndinadana nawo. Ndinkati mayi uyu mtima wake ndi mwala. Mwana wako kupsa ndi moto, iwe diso louma gwa! Ankadzuka, kusesa, kuwamba nsomba, kawirikawiri nkumati, "Ndapita kuchipatala, miyendo yandivuta," nkubwera mawu atasasa, akuti chimfine. Ine mumtima ndinkati, miyendo mukuisamala, koma mwana wanu misozi mwamumana.

Mawu anga anafa. Ndikaima pamsewu kuti ndiitane usipa, kunkatuluka kamphepo chabe. Minibasi zinkadutsa. Kukwaya ndinkayambitsa nyimbo ndine, koma ndinasiya. Chakudya osalowa. Ndinawonda mpaka chitenje kuzungulira kawiri. Kupemphera ndinkapemphera, koma mokalipa. Ndinkati, "Ambuye, anthu amene sanamudziwe, sanadye naye, sanakanganepo naye, amupha. Chabwino, zimenezo mudzaweruza nokha. Koma ngakhale kulira komwe mwandilanda?"

Tsiku lina kunagwa maliro mudzi wina chakumtunda. Anali agogo ena, sindinkawadziwa bwino, ndinangoperekeza mnzanga. Tinalowa m'siwa, m'nyumba muja mumakhala amayi ndi thupi. Amayi akulira. Ine ndinakhala pansi, ndinafunda chitenje kumutu, ndipo china chake chinaphulika m'chifuwa muno. Ndinalira, abale anga. Ndinalira mpaka eni maliro kusiya kulira nkumandiyang'ana. Palibe anandigwira pakamwa. Pamaliro munthu saletsedwa. Pobwerera ndinamva thupi kupepuka, ndinadya, ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba.

Basi, ndinapeza njira. Ndinayamba kubwereka maliro a eni.

Ndikaona wakabaza ndinkamuimitsa: "Achimwene, lero kuli zovuta kuti?" Akati kwakutikwakuti, ine dengu pansi, chitenje m'manja, ulendo. Maliro a Akatolika ndinalipo. A mipingo ina ndinalipo. A kwa anthu a gule ndinalipo. Inu mukudziwa mmene timachitira ife amayi tikamalira, timatuma womwalirayo kuti akapereke uthenga kwa athu amene anatsogola. Enafe timati, "Mukawapatse moni amayi anga." Ine ndinkabisa nkhope m'chitenje nkumati, "Inu amene mukupita, simundidziwa, koma ndithandizeni. Mukakawaona bambo a Tadala, munthu wamfupi wamanzere, mukawauze kuti sindinawaiwale. Mukawauze kuti kwathu andiletsa." Ndatuma anthu ambiri, abale anga. Nkhalamba, azimayi, anyamata ofera pamsewu. Onse ndinawasenzetsa katundu wanga.

Anthu anayamba kulankhula. Akuti amake Tadala amanunkhiza maliro ngati ntchentche. Akuti amatsata nyemba za pamaliro. Nyemba! Ine nyemba zimanditupitsa m'mimba, ndingayendere nyemba mtunda wonsewo? Ndinkangowasiya. Koma kulankhula kunakula, kunasanduka chinthu china.

Pamaliro ena kumtunda, a mtsikana amene anamwalira mwadzidzidzi, ndili mkati molira, mayi wina anandivundukula chitenje. Anati, "Kodi inu ndinu ndani wa malemuyu?" Wina anati, "Ndi yemwe uja, maliro alionse amakhalapo." Wina anakuwa, "Mfiti! Wabwera kudzaona nyama!" Mayo ine! Anandikokera panja. Amuna anaimirira, ena atatola miyala. Akanapanda mkulu wina wa mpingo kuima pakati, sindikudziwa ngati bwenzi ndili pano. Anati, "Mayi, pitani, musacheuke."

Ndinayenda m'mbali mwa njanji dzuwa likuswa mtengo, nsapato imodzi itatsala komweko. Sindinapite kunyumba. Ndinatsikira kudoko, ndinakhala pansi pafupi ndi bowo lija. Kwathu ndaletsedwa. Kwa eni ndathamangitsidwa. Ndinayang'ana madzi nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza zimene munthu wobatizidwa sayenera kuganiza. Ndinati ndikangoyenda kulowa m'menemu osaima, mwina ine adzandilira, ndipo polira ine adzalira ndi amuna anga omwe. Chimene chinandigwira ndi nkhope ya Tadala. Ndinaika dzanja m'bowo muja nkupemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati, "Ambuye, sindikupemphanso kuti muwabweze. Ndipatseni polirira basi."

Kumwamba sikunang'ambike. Sindinamve liwu. Ndinadzuka, ndinapita kukaphikira mwana.

Ndinalumbira kuti zobwereka maliro ndasiya. Ndinapirira ndithu kwa kanthawi. Koma chifuwa chinadzazanso, ndinayambanso kuluma chitenje. Mmawa wina ndinamva pa minibasi kuti kupitirira Golomoti kwamwalira bambo wina wokalamba. Ndinati kumeneko nkutali, palibe andidziwa. Apongozi anali atachoka kale mmamawa, akuti kuchipatala, miyendo. Ine ndinakwera.

Nyumba ya siwa inali yaing'ono, ya zenera limodzi, mkati muli mdima ngakhale kunja kunali dzuwa. Amayi anadzaza, miyendo yotambasula paliponse. Ndinadzipanikiza pafupi ndi chitseko, ndinafunda kumutu. Ndisanayambe, ndinamva mawu kuchokera pangodya. Mawu osasa, a munthu wamkulu, olira motsitsa ngati akuopa kumveka.

"Inu bambo, simundidziwa, koma ndikutumeni. Mukakampeza Gele wanga kumeneko, wamfupi, wamanzere, mukamuuze andilotetse. Andiuze ngati ali uko. Ndatopa ine. Ndatopa kudikira, mwana wanga, Gele iwe!"

Abale ndi alongo, ndinatchera khutu. Ndinati makutu akundinamiza. Mawu aja anabwerezanso, "Gele iwe, Gele mwana wanga." Ndinakwawa ndi mawondo, kuponda miyendo ya anthu, ena akundikalipira. Ndinafika pangodya paja. Ndinagwira nsonga ya chitenje chimene anafunda, ndipo ndinachidziwa, chifukwa ndinawagulira ndine. Ndinavundukula.

Anali aNambewe. Nkhope yonse yonyowa, maso ofiira. Chipatala cha miyendo chija chinali chimenechi. Chimfine chija chinali chimenechi. Mayi amene ndinkamutcha mwala anakhala akuyenda maliro a eni kutali kuposa ine, ndi miyendo yotupa ija, kuti ine ndisawaone.

Tinayang'anana. Anati, "Nanunso?"

Ndinati, "Nanenso, amayi."

Ndinayembekeza dzanja lija pakamwa. Dzanja linabweradi, koma linandigwira m'khosi nkundikokera pachifuwa pawo. Tinalira, abale anga. Tinalira tonse awiri, dzina limodzi, m'nyumba ya munthu amene sitinamuonepo ali moyo. Eni maliro anafunsana kuti awa ndi ndani, wina nkuyankha kuti ayenera kukhala abale a malemu ochokera kunyanja. Anatisunthira kutsogolo, pafupi ndi bokosi, anatipatsa ndi madzi akumwa. Bambo aja Mulungu awalandire, anatisunga bwino pamaliro awo.

Pobwerera tinatsika minibasi pa Mtakataka nkuyenda wapansi, pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo yawo. Tili m'njira apongozi anati, "Mumandiona ngati ndine nyama, eti?" Anapitiriza kuti, "Ndinadziwa tsiku lomwe lija, Che Amadu ali pakhonde. M'mimba muno munandiuza. Koma ndinkaopa kuti ndikalira pakhomo panga ndatseka chitseko, ndipo akadzabwera adzapeza zimene anapeza mlongo wanga." Anaima, anapuma. "Ndakuzunzani, amake Tadala. Ndamva zimene anakuchitani kumtunda kuja. Ndinamva tsiku lomwelo, koma pakamwa panakanika."

Ndinati, "Amayi, ine sindikufuna nthochi. Sindikufuna manda. Ndikufuna polirira."

Tinafika, aliyense analowa m'nyumba mwake.

Mmawa mwake ndikusesa, ndinawaona akutuluka m'nyumba mwawo, nkhafi ili paphewa. Sanandiitane. Ndinangotaya tsache nkuwatsatira, Tadala ali pambuyo panga. Padoko asodzi anali atangokocheza, amayi akulimbirana nsomba, phokoso lokhalokha. Atationa, phokoso linayamba kuzima kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto. Che Amadu anali pansi akusoka ukonde. Anaimirira, anapita pa chiunda paja, anagwada, anachotsa mchenga m'bowo ndi zala za mkono wopsa uja.

Apongozi anaima nthawi yaitali atakumbatira nkhafi. Anapsompsona pogwirira paja. Kenaka anailowetsa. Che Amadu anati, "Mayi, simenti ilipo yotsala, ndikatenge?"

"Simenti ayi," anatero apongozi. "Ikhale choncho. Akabwera, adzazule yekha."

Palibe anatsutsa. Ndiye anatembenukira kwa ine, pamaso pa doko lonse, nati, "Yambitsa, mwana wanga. Anga mawu anathera kwa eni. Ako ndi aakulu. Yambitsa, amve ali komweko."

Abale anga! Mawu aja ndinkati anafa anatuluka onse. "Mayo ine! Bambo a Tadala, mayo! Mwandisiya ndi yani?" Pamudzi panga, pamchenga wathu, dzina la mwamuna wanga, osabisa nkhope. Akuti anandimva mpaka kumsewu. Mkazi wa Mateyu anabwera akuthamanga. Amayi a Saidi anabwera atafunda mitandio yawo kumutu nakhala pambali pa apongozi. Amuna anavula zipewa. Tsiku limenelo palibe bwato linalowanso m'madzi, ndipo nsomba zinagawidwa pamaliro. Tadala anandigwira chitenje nkufunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti ababa sabwera?" Ndisanayankhe, agogo ake anamukoka nkumuuza okha kuti, "Sabwera, mdzukulu wanga. Ndinkakunamiza. Lira."

Pambuyo pake zonse zinachitika m'dongosolo lake. Misa inachitika, dzina lawo linatchulidwa. Tinameta. Itakwana nthawi akuchimuna anandisudzula, anati ndine womasuka kubwerera kwathu ku Mua. Ndinathokoza, koma sindinachoke. Ndikanawasiya ndi yani mayi aja?

Koma nkhafi ija inali yosathira simenti, ndiye mwera ukawomba inkagwedera m'bowo mwake. Gogogo, gogogo. Za anzawo zili nji, yathu yokha ikugogoda. Inkamveka mpaka kunyumba. Nyengo yonse ya mwera inagogoda, ndipo ndinkaona apongozi akusiya chimene akuchita nkutchera khutu.

Mmawa wina ndinawapeza palibe panyumba. Ndinati kapena ayambiranso maulendo aja. Ndinatsikira kudoko. Ndinawapeza atagwada pa chiunda paja, pambali pali kambale ka simenti imene anapempha kwa amisiri omanga nyumba, atakanda okha ndi madzi a m'nyanja. Ankayesa kuithira m'bowo, koma manja ankanjenjemera, yambiri inkagwera pansi.

Ndinati, "Amayi, mukutani? Si munati adzazule yekha?"

Anati, "Ikamagogoda ndimamva ngati ali pachitseko, ine osamutsegulira. Watopa mwana uja. Agone tsopano. Bwera undithandize, manja akukana."

Ndinagwada. Tinaikanikiza tonse, ndi zala, mpaka bowo linadzaza.

Ndiye lero ndaima pano kuthokoza. Sindikuthokoza chifukwa cha moto uja, ayi, ndipo musandiuze kuti chinali chifuniro cha Mulungu, ndingakukalipireni m'tchalitchi momwe muno. Amene anachita zija ndinawasiya m'manja mwa Mwini chiweruzo, chifukwa anga ndi aang'ono. Mtima ukadawawa. Pali masiku ena ndimatenga mbale zitatu m'malo mwa ziwiri. Koma ndinapempha polirira, ndipo anandipatsa. Anandipatsanso mayi, amene ndinkagona naye mpanda umodzi osamudziwa. Zikomo Ambuye. Zikomo Yesu, inu amene munalira pamanda a bwenzi lanu ndipo palibe anakugwirani pakamwa.

Panopa ndinabwerera pamsewu ndi dengu langa, minibasi zikuimanso. Kukwaya ndikuyambitsanso nyimbo. Tadala ali pasukulu. Apongozi miyendo yawavutadi tsopano, ndipo kuchipatala ndimawaperekeza ndine, chenicheni. Pamaliro ndimapitabe, koma ndimalira mwini maliro. Ndipo amayi anzanga, ndikupempheni: mukaona mlendo pangodya akulira kuposa eni, musathamangire kutola miyala. Sunthirani pafupi, mumufunse kuti akulira yani.

Mukadzafika kudoko kwathu mudzaona nkhafi zitatu zitaima, zitayang'ana kum'mawa. Mudzayang'ane imene chogwirira chake chinaperepeseka mbali imodzi. Pansi pake, m'simenti, muli zizindikiro za zala za anthu awiri. Zazing'onozo ndi za aNambewe, zikuluzikuluzo ndi zanga. Mwera uwombe bwanji, sigogodanso.

Atamandike Yesu Khristu. Ndikhale pansi.